Chaka Chimene Ndinkafuna Kutchipa

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene adada ndi amama anayamba kutengerana kukhoti chifukwa cha ine. Ukwati wawo unali utatha kale. Chimene ankalimbirana chinali ndalama ya chisamaliro changa. Amama, amene ankagulitsa usipa pamsika wa Mhuju, ankati adada akubisa phindu la ukalipentala wawo. Adada ankati khoti linawayeza ndi mwezi umodzi wokha umene anakhoma madesiki a sukulu, chonsecho dzinja likafika sagulitsa ngakhale kampando.

Tsiku lina ananditenga ku Rumphi boma. M'khotimo sindinalowe. Ndinatsala pakhonde ndi ankhazi anga a NyaChirwa, mlongo wawo wa adada. Koma zenera linali lotsekula, ndipo ndinamva akutchula sopo, nsapato, yunifolomu ndi chakudya.

"Mwanayu akukula, amadya!" anatero amama.

"Nanga ine ndizitenga kuti?" anayankha adada.

M'mutu mwanga munalowa chinthu chimodzi basi: ndine mwana wodula. Ndinaganiza kuti ndikatchipa, milandu itha.

Ndinayamba mawa lake lomwe. Mbatata yotengera kusukulu ndinkaisiya m'mbale. Posamba, sopo ndinkangomukhudza. Madzulo ndinkatema mbamu ziwiri n'kunena kuti ndakhuta. Nsapato ndinkazivula ndikangopitirira msika, n'kuziika m'chikwama kuti zisathe msanga. Inali nthawi yachisanu, ndipo mame a m'mawa ankaluma mapazi mpaka zidendene zinang'ambika.

M'mawa wina ndinakumana ndi ankhazi akupita kuchigayo, dengu pamutu.

"Iwe Tiwonge, nsapato zili kuti?"

"Zili m'chikwamamu, ankhazi."

"Kodi wophunzira ndi nsapatozo, iwe ukungoziperekeza?"

Ndinawafotokozera zonse, ndikuyembekeza kuti andiyamikira nzeru. Sanaseke ndipo sanandikalipire. Anatula dengu, anakhala pansi m'mphepete mwa msewu, anandipukuta mapazi ndi chitenje chawo n'kundiveka nsapatozo okha.

"Tamvera, mwana wanga," anatero. "Anthu awiri aja sakukangana chifukwa iwe wadula. Aliyense akuopa kuti mnzake amupusitsa. Imeneyo ndi nkhani yawo. Yako ndi kudya, kukula ndi kuphunzira."

Lamulungu lotsatira, potuluka m'tchalitchi, ankhazi anaitanira adada ndi amama kunyumba kwawo. Ine anandituma kukathyola nkhwani kumunda, choncho zimene anawauza sindinazimve. Pobwera ndinapeza amama maso ali psuu. Adada anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anatembenukira kwa ankhazi n'kuwathokoza kuti, "Yewo, alongo anga."

Ulendo wotsatira wa kukhoti adada ndi amama anakwera minibasi imodzi. Anakapempha kuti adada azipereka zochuluka m'miyezi imene alimi agulitsa fodya ndipo anthu akugula mipando, ndi zocheperako m'dzinja. Khoti linavomereza.

Sanabwererane, ndipo sindinganame kuti anasanduka mabwenzi. Ankakanganabe apo ndi apo. Komabe zaka zotsatirazo ndimazikumbukira mokoma. Loweruka ndinkapita kushedi kwa adada kukasesa zipalo za mlombwa, fungo lake n'kundikakamira m'zovala mpaka Lolemba. Nthawi zina amama ankandipatsira kajumbo ka usipa, amvekere, "Ukawapatse adada ako, koma usakanene kuti ndatumiza ndine." Adada ankalandira osafunsa.

Lero ndine mphunzitsi, ndipo makolo olekana amabwera kwa ine kudzadandaula za anzawo. Sindiwaletsa kupita kukhoti; chisamaliro ndi ufulu wa mwana, ndipo nthawi zina pamafunika wachitatu woti ayeze mwachilungamo. Koma ndinazindikira kuti akuluakulu akamatchula zosowa za mwana mokweza mawu, mwanayo amamva ngati ndi katundu amene akumuikira mtengo. N'chifukwa chake ndimawapempha chinthu chimodzi: asananyamuke, akhale pansi ndi mwana wawo, amuuze poyera kuti wolakwa si iye.