Tizingwe Tomwe Tinadzutsa Mkamwini

Linali Lachinayi, cha m'ma teni koloko m'mawa, mwezi wa Malichi, pamene amalume anabwera kudzaima pakhomo panga. Mpando anaukana. Anafunsa ngati mkamwini wadzuka, ine n'kuyankha kuti ayi. Anayang'ana kumunda, kumene fodya wathu wa chikopa anali atakhwima kale masamba a m'munsi, kenaka anati likafika Lamulungu munthuyo adakagona, atumiza uthenga kwawo ku Ntchisi kuti abale ake adzamutenge. Anati mudzi wathu si chipatala. Anakweza mawu dala kuti wa m'nyumbayo amve.

Ine ndinangogwada, mwana ali kumsana, maso pansi. Ndinali wamng'ono, wa mwana mmodzi, ndipo kuyankha munthu wamkulu sindinkatha. Ngakhale ku msonkhano wa chipani, kumene amayi tonse tinkayenera kuimba, ine ndinkaima kumbuyo n'kumangoyendetsa milomo.

Amuna anga anali atadwala malungo. Mankhwala a kuchipatala cha mishoni anamwa, thupi linasiya kutentha, koma m'kamwa munatsala mowawa. Chilichonse ankati chikumveka ngati phulusa. Phala ankalawa kamodzi n'kutembenukira kukhoma. Ndinawaphera nkhuku, anangopsontha msuzi. Munthu amene ankasenza yekha thumba la chimanga anafika poyenda chogwira khoma. Kwathu kuno mwamuna amakhala kwa mkazi, ndipo ulemu wake uli m'munda. Ndinkawadziwa amuna anga. Akanapita kwawo atanyamulidwa chotero, manyazi sakanawalola kubwereranso.

M'nyumba ndinali ndi timapaketi tomwe anandipatsa akulu anga aakazi. Iwo ankagwira ntchito ya m'nyumba kwa azungu ena ku Lilongwe, ndipo azunguwo pobwerera kwawo anawasiyira zotsala za m'khitchini. Tinaonana pa siteji pa Chezi, iwo ali m'basi kupita kumaliro ku Salima. Anangondiponyera kathumba pawindo, kukuwa kuti n'zophika m'madzi otentha, basi n'kunyamuka. Masiku ano adzukulu anga amati manudozi, ndipo ali m'golosale iliyonse. Nthawi imeneyo m'mudzi mwathu munalibe amene anaziwonapo. Sukulu ndinalekeza Sitandade 3, choncho Chingerezi cha papaketipo chinali ngati mapazi a nkhuku. Ndinali nditatibisa m'dengu poopa kusekedwa.

Amalume atachoka ndinatsegula kamodzi. Munali tizingwe touma topiringizana, ndi kapepala konyezimira kokhala ndi ufa wachikasu. Ndinanunkhiza, fungo lake linali lamphamvu. Tsono ufa wokhawo wa m'pepala umene ine ndinkaudziwa unali uja timathira m'chimanga kuti anankafumbwe asafumbule. Ndinati eya, n'chifukwa chake tizingweti tilibe bowo ngakhale limodzi. Kapepalako ndinakakwirira kudzala kuti nkhuku zisatole, m'manja ndinasamba ndi sopo, tizingweto n'kutitsuka bwinobwino. Patapita miyezi akulu anga atamva zimenezi anaseka mpaka misozi, akuti ndinakwirira ndiwo. Ufawo nditadzaulawa ndinapeza kuti ndi mchere wokhawokha, ludzu tsiku lonse, ndiye sindinadandaule kwenikweni.

Tsikulo tizingweto ndinatiwiritsa nthawi yaitali, poganiza kuti chinthu chouma chonchi chimafuna moto ngati nyemba. Tinasanduka toyera, toterera. Ndinapita nato m'nyumba.

Amuna anga anadzutsa mutu, kuyang'ana m'mbale, nati, "Amake mwana, mwatopa nane eti? Mwayamba kundiphikira nyongolotsi."

Anakankha mbale. Koma chidwalireni aka kanali koyamba kunena zoseketsa, ndipo ndinatuluka mtima uli m'malo pang'ono. Kukhitchini ndinalawa ndekha. Zoona, kukoma kunalibe ngakhale pang'ono. Chimene ndinaona n'chakuti tinkatsika tokha kukhosi, osafuna kutafuna, ndipo kutafuna ndiko kunkawatopetsa amuna anga. Chinkasowa chinali chinthu choti chigonjetse kuwawa kwa m'kamwa kuja.

Ali bwino, amuna anga sankadya popanda tsabola wa kambuzi. Ankaluma wosaphika, kumwetulira thukuta lili kamukamu. Koma chiyambire matendawo amayi anga anali ataletsa. Ankati wodwala sadya tsabola, amawotcha m'mimba, ndipo ine sindinafunsepo kanthu. Tsikulo ndinakhala pa mtondo n'kuganiza kuti m'mimba mopanda kanthu ndimo mukumupha munthuyu, osati tsabola.

Dzuwa litapendeka ndinatsikira kudimba. Ndinathyola kambuzi wakupsa bwino, matimati aja ang'onoang'ono omera okha, masamba a anyezi ndi nsonga za bonongwe. Mtedza wathu unali utatha, choncho ndinakapempha kambale kwa amayi osanena chochita nawo. Ndinaukazinga pang'ono, kusinja, kusefa. Kambuzi ndinamusinja padera ndi mchere, theka lokha la kamodzi, chifukwa mantha ndinali nawobe.

M'poto ndinayamba ndi matimati ndi anyezi, kenaka madzi, nsinjiro ndi bonongwe. Nsinjiro zitapsa ndinaswera dzira n'kutakasa, kuthira kambuzi uja. Tizingwe ndinaika komalizira. Ulendo uno ndinaima pomwepo ndi mthiko, ndipo titangofewa ndinaphula.

Fungo la kambuzi silibisika. Ndisanapakule, amayi anali atafika pakhomo la khitchini. Anasuzumira m'poto, kufunsa kuti zimenezi n'zoti adye ndani. Nditawauza anagwira pakamwa.

"Iwe, ukufuna kutiphera mwana wa eni pamudzi pano? Tikanena chiyani kwawo?"

Ndinangodzimva ndikuyankha, ndi kamawu kang'ono koma osanjenjemera. "Amayi, phala lanu akukana, nkhuku akukana. Ndilekeni ndiyese zanga. Zikavuta mudzanene ine."

Sindinawayankhepo chotero chibadwire. Anandiyang'ana ngati akuona mlendo, koma anapatuka, ine n'kudutsa ndi mbale. Ananditsatira n'kukaima pakhomo la nyumba, poti kuchipinda kwa mkamwini sakanalowa.

Amuna anga anayamba ndi mphuno. Ananunkhiza, natsamira khoma, n'kufunsa ngati apongozi akudziwa. Ndinati ali pakhomopo. Anatenga supuni. Tizingwe tinkaterereka n'kubwerera m'mbale, mpaka anaiika pansi n'kuyamba kutapa ndi zala. Atameza kachiwiri anatsokomola kwambiri, misozi ndi mamina zonse pamodzi. Kunja amayi anayamba kuitana dzina la Mulungu. Amuna anga ndinawapatsa madzi, anamwa, anapuma. Kenaka dzanja linabwereranso m'mbale.

Ndinakhala pamphasa n'kumaonerera, mwana akuyamwa. Thukuta linayamba pamphumi, kutsikira m'khosi. Anadya mpaka mbale inayera, msuzi anachita kupendeketsa mbale n'kumwa. Anapukuta kukamwa ndi kuseri kwa dzanja.

"Nyongolotsi zanu zija zatsalako?"

Ndinati zatsala za m'poto. Anati ndibweretse ndi poto yemweyo, ndipo tsabola ndisamachite kumuopa chonchi.

Potuluka ndinapeza amayi adakaima. Ndinawaonetsa mbale yopanda kanthu. Anapita kwawo, ndipo dzuwa lisanalowe anabweranso okha ndi lichero la mtedza, kuliika pakhonde n'kunena kuti nsinjiro ndizichulutsa, zimabweza magazi. Za tsabola sanatchulenso.

Sindinganame kuti munthuyo anachira tsiku lomwelo. Miyendo inali idakali yofooka. Koma anagona mimba ili ndi kanthu, ndipo sinapweteke monga amayi ankanenera.

M'mawa mwake ndinalawira kumunda mame asanaume, n'kuthyola fodya wa m'munsi amene ndikanatha kusenza ndekha. Nditabwerako ndinaphikanso. Paketi ndinaithyola pakati kuti timapaketito tikhalitse, n'kuchulutsa bonongwe ndi nsinjiro, kambuzi wathunthu. Anadya, napempha ndi kambatata kowotcha. Kenaka anavala malaya, ine n'kunyamula mphasa, tinayenda pang'onopang'ono mpaka kuchigafa choumitsira fodya. Anakhala pansi, kukoka mulu wa masamba, n'kuyamba kusoka. Ankamangirira masambawo ndi luzi kuti tiwayanike. Posakhalitsa luzi linachepa, ndipo anati nditume munthu akapemphe kwa amalume.

Sindinatume munthu. Ndinamanga mwana kumsana n'kupita ndekha. Amalume ndinawapeza akusema mpini pansi pa mtengo wa mango. Ndinagwada monga mwa masiku onse, koma maso sindinagwetse. Ndinawauza kuti mkamwini ali kuchigafa akusoka fodya, ndipo akupempha luzi.

Anasiya kusema. Anafunsa kuti mkamwini wake uti, ine ndinati yemwe uja. Analowa m'nyumba, natuluka ndi mtolo wa luzi, koma sanandipatse. Anati akapereka okha. Njira ya kuchigafa ndi yopapatiza, ya munthu mmodzi mmodzi, ndipo tsiku limenelo amene anatsogola ndinali ine.