Nkhuku Imene Inatimana Hotela

Ndikukumbukira kuti kwathu ku Chawama, zaka zimene ufa tinkachita kuuimira pa mzere ndipo sopo tinkamudula pakati kuti akhalitse, atate anaganiza zotitengera kutchuthi. Anthu a m'komboni mwathu sankapita kutchuthi. Ankapita kumaliro, kapena kumudzi kukapempha chimanga, basi. Ndiye atate atalengeza kuti iwo, amayi, ine ndi mng'ono wanga Tisa tikupita ku Siavonga kukagona m'mbali mwa nyanja ya Kariba, mayi wa nyumba yoyandikana nafe anafunsa mwachisoni kuti wamwalira ndani kumeneko.

Atate anali opaka penti pa kampani ina yomanga nyumba. Ali mnyamata anatumizidwa ku Siavonga kukapaka hotela yaikulu ya pamchenga penipeni, ndipo nkhani ya hotelayo tinakula nayo. Ankatiuza za zitseko zagalasi zoyang'ana kunyanja, nsalu zoyera za pabedi zimene zinkasinthidwa zisanade, ndi madzi otentha otuluka pakhoma. Iwo eni ake ankagona kuseri, m'kashedi, pakati pa zitini za penti. Nkhaniyo nthawi zonse inkathera pamodzimodzi: tsiku lina adzalowa pageti lakutsogolo atagwira mkazi wawo dzanja, ndi kugona m'chipinda chimene anapaka okha.

Chaka cha tchuthicho kampani inatsekedwa. Anawapatsa kandalama kotsanzikira, ndipo iwo anati asanayambe kuyendayenda ndi burashi kusaka maganyu, akwaniritse kaye lonjezo lawo. Vuto linali lakuti mtengo wa chipinda umene anali nawo m'mutu unali wakalekale. Ine ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, ndipo popeza ndine ndinkatumidwa kukantini, ndinkadziwa kuti buledi wa m'mawa ndi wa madzulo sankagulidwa mtengo umodzi. Pansi pa mtima ndinkaopa kuti tikafika, munthu wa pahotela adzayang'ana ndalama za atate n'kuwabweza ife tikuona. Koma mwana sauza bambo ake zotere, ndiponso hotelayo ndinkaifuna kwambiri.

Amayi ankagwira ntchito yochapa ndi kusita kumayadi, kunyumba za anthu olemera. Anali munthu wosalankhulalankhula. Anayesa kamodzi kokha kunena kuti azimayi ogulitsa tinsomba ta kapenta kumsika anawauza za kanyumba ka alendo kotchipa, pafupi ndi doko la asodzi, komwe tingakhale masiku angapo m'malo mwa usiku umodzi. Atate anakwiya.

"Bamake Misozi, ine nikagone kumene kugona ba kapenta? Ninasebenza zaka zonse izi kuti nikanunkhe nsomba?"

Amayi anapitiriza kusita jekete la atate la paukwati, ndipo ine ndi Tisa tinakondwa kuti atate apambana.

Tsiku la ulendo atate anatuluka atatchena, nsapato zikuwala, tsitsi atalipesa ndi mzere pambali. Amayi anatuluka ndi mbaula yomanga m'chitenje kumsana, ndi dengu m'manja. M'dengumo munali nkhuku yamoyo, thadzi lamawangamawanga, miyendo yomanga ndi kansanza.

"Nanga nkhuku ni ya chani?" atate anafunsa.

"Mlendo salowa panyumba ya eni chimanjamanja," amayi anatero. "Ndiye mwamene ninaleledwera."

Atate anawauza kuti hotela si nyumba ya apongozi, koma basi sinkadikira munthu, ndipo nkhuku inakwera nafe. Ulendo wonse inali wefuwefu pamiyendo pa amayi, Tisa akuimwetsa madzi ndi kachivindikiro ka botolo. Titadutsa Kafue n'kuyamba kutsetsereka m'mapiri, kutentha kunatipeza, jekete la atate linanyowa kumsana, koma sanalivule. Kenaka pakona ina madzi anaonekera, ochuluka mpaka kumene maso amalekezera. Ife amene madzi aakulu tinkawadziwa anali a chigumula cha m'komboni nthawi ya dzinja tinangoti kakasi.

Hotela inali monga anainenera, makoma a buluu, kapinga wobiriwira ngakhale kunali chilimwe, ndi fungo la nyama yowotcha likuchokera kwinakwake mkati. Pambali pa geti panali chikwangwani cha mitengo ya zipinda, manambala akale atawamata ndi mapepala atsopano. Atate anaima n'kuwerenga. Ndinaona milomo yawo ikuyenda, kenaka anabwerezanso kuchokera pamwamba. Anagwira thumba la mkati mwa jekete, n'kuchotsa dzanja pang'onopang'ono. Mlonda, mnyamata waulemu wovala yunifolomu, anali atatsegula kale kageti kakang'ono akutiyembekezera. Ndinamva chisoni chimene ndinali ndisanamvepo, chifukwa atate sakanatha kupita kutsogolo ndipo sakanatha kubwerera.

Apo m'pamene amayi anatulutsa nkhuku m'dengu. Anaigwira m'mapiko, iyo n'kuyamba kukuwa, nthenga zikuuluka.

"Mwana wanga, niitanire mwine wa nyumba ino nimupase nkhuku yake," anauza mlonda uja.

Mnyamatayo anadabwa. "Bamayo, nkhuku siingena muno. Na mbaula siloledwa. Mungazisiye kuno kugeti."

"Nisiye nkhuku yanga pamsewu monga ni yakuba? Kumene sikungena nkhuku yanga, naine siningena."

Amayi anga, amene ngakhale kutchalitchi ankaimba motsitsa mawu, anakweza mawu tsiku limenelo mpaka alendo ovala matawulo anasuzumira pakhonde. Ananena kuti nyumba yokana mphatso si nyumba ya anthu, kuti iwo sadya chakudya chophikidwa ndi munthu amene sanamuone nkhope, kuti bola akagone pansi pa mtengo. Ine manyazi anandigwira, ndinabisala kumbuyo kwa dengu, ndipo ndinawakwiyira kwambiri. Atate anayang'ana amayi kanthawi. Kenaka anawongola jekete, natembenukira kwa mlonda ndi mawu a bwana.

"Waona, mwana? Ise tenze okonzeka. Koma ukakwatira mkazi wa kumudzi ni mwamene vimakhalira." Ananyamula chikwama. "Tiyeni, mwanichititsa nsoni."

Kanyumba ka alendo kaja tinakapeza potsatira fungo la kapenta woyanika. Mwini wake, ba Mutinta, mayi wonenepa wa Chitonga, analandira nkhuku ndi manja awiri, nawomba m'manja ngati walandira ng'ombe. Anatipatsa chipinda chimodzi cha malata, bedi lolira munthu akangotembenuka, ndi mphasa ya ine ndi Tisa. Anatiuza monyadira kuti chipindacho chimaona nyanja, ndipo sananame: ukakwera pa ndowa n'kusuzumira pazenera, pakati pa chimbudzi ndi mtengo wa mango, kachidutswa ka madzi kankaoneka. Atate anayendera makoma onse akupukusa mutu, akuti amene anapaka penti pamenepo anayenera kumangidwa.

Koma kanjira ka kuseri kankatsikira pamchenga, ndipo mchengawo sunali ndi geti. M'mawa mwake atate anavula jekete, anapinda buluku mpaka m'mawondo, nalowa m'madzi akufunsa msodzi aliyense ngati ng'ona zili kutali. Tisa ankatola tizigoba, amayi ankakazinga nsomba pa mbaula yawo ija pansi pa mango, akuseka ndi ba Mutinta ngakhale zinenero zawo zinkangokumana pakati. Tsidya la gombe hotela inkaoneka bwino, ndipo atate ankaloza aliyense wodutsa kuti buluu ujayo anapaka ndi iwo. Tinakhala masiku angapo, ndipo sindinawaonepo atate akuseka chotero, ngakhale kale kapena pambuyo pake.

Titabwerera ku Chawama nkhani inafala. Atate ankaikamba pansi pa mthunzi kwa aliyense wofuna kumva, kuti ndalama zinali m'thumba, geti linali lotsegula, koma nkhuku ya akazi awo inawamana hotela. Amuna anzawo ankawamvera chisoni, akazi ankaseka amayi pampopi, mpaka anawapatsa dzina loti Bamake Nkhuku. Amayi ankangomwetulira n'kusenza ndowa yawo. Zaka zotsatira zinali zowawa, maganyu a penti ankapezeka mwa apo ndi apo, koma Khirisimasi iliyonse atate ankabwera ndi thadzi lamoyo kukhwapa, n'kuliponya pamapazi pa amayi akuti, "Nayi hotela yanu." Ife tinkaseka, poganiza kuti akuwanyogodola.

Atate anamwalira asanagone m'chipinda chawo chija. Patapita zaka, ine nditayamba ntchito, ndinawatenga amayi kupita nawo ku Siavonga. Masiku ano munthu amaona mtengo pafoni ali kunyumba, amayerekeza hotela yodula ndi yotchipa, amaona ngakhale chithunzi cha bafa, ndipo palibe amene amakadzidzimukira pageti ana ake akuona. Ndinasankha yodula ija. Makoma anali atapakidwa zoyera, buluu wa atate kulibe. Amayi anakhala m'mphepete mwa bedi, akusisita nsalu ndi dzanja la munthu wodziwa kusita, ndipo ine ndinawaseka kuti lero aiwala nkhuku.

"Iwe Misozi," anatero osandiyang'ana, "zaka zonse zija ninasebenza kumayadi, uganiza sininadziwe kuti nkhuku siingena mu hotela? Madamu wanga anagonako mwezi umene uja. Mtengo ninaumva nikusita."

Ndinayang'ana zitseko zagalasi zija ndi nyanja kuseri kwake. Ndinaganiza za dzina limene analisenza pampopi zaka zonsezo osadandaula, ndipo ndinazindikira kuti mafoni athu amatiuza mitengo yokha, satiphunzitsa kuphimbirana manyazi. Kenaka ndinawafunsa chimene chinkandivuta, ngati atate anadziwa.

Amayi anaseka pang'ono, napukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje.

"Nanga nkhuku za pa Khirisimasi uganiza zenze za chani?"