Elesi ndi Chitsime cha Kuseri kwa Waya

Elesi ndi mwana wanga wachitatu, ndipo mwa ana anga asanu ndi yekhayo amene sadziwa kukhala pansi. Ngakhale chakudya amadya ali chilili. Amalima matimati ndi repu kudimba kuno kufupi ndi Chiparamba, Loweruka n'kukagulitsa ku Chipata. Sukulu analekeza giredi naini, koma musamuyese. Mwamuna wake anapita ku Mwami kukagwira ntchito ya malole, sanabwerenso, choncho akulera yekha mdzukulu wanga Tamiwe, mtsikana wa zaka zisanu ndi ziwiri.

Chitsime chathu anakumba ndi malemu amuna anga pamodzi ndi anzawo, Elesi ali kumsana. Chaka chatha bambo wina wa m'tauni, a Jethro, anagula malo a kumeneko, mapepala onse ali nawo, n'kuzunguliza waya. Chitsime chinatsala mkati. Tinayamba kutunga kudambo kumene zimamwera ng'ombe. Pa miyezi iwiri Tamiwe anatsekula m'mimba katatu, kachitatuko mpaka kumugoneka m'chipatala.

Elesi anasiya kugona tulo. Anapita kwa a Jethro, anamubweza pa geti. Anazungulira maofesi mpaka masilipasi kuduka, kenaka anapeza loya wothandiza anthu osauka, Mayi Chimwemwe. Tsiku lachiwiri ndinamuperekeza.

"Dziko lathu linasaina mapangano ndi maiko ena," anatero loyayo. "Amati munthu ayenera kukhala ndi thanzi, ndipo thanzi popanda madzi abwino palibe."

"Ndiye tikawaonetse a Jethro atsegule!" anatero Elesi, ataimirira kale.

"Khalani pansi, mayi. Mapanganowo sakhala lamulo la kuno mpaka nyumba ya malamulo itawalowetsa. Koma woweruza akhoza kuwayang'ana pomasulira malamulo athu. Tiyenera kumuonetsa madzi amene mukumwa."

Ine ndinati, "Anasainiranji nanga? Cholembera chinangowayabwa?" Loyayo anaseka, Elesi ayi.

Loyayo anakasuma kukhoti, koma mlandu unaimitsidwa kanayi. Ulendo uliwonse Elesi ankasiya matimati akupsa m'dimba, kukwera minibasi, kukakhala pa benchi mwendo ukugwedezeka, kubwerako chimanjamanja. Potsiriza loya wathu anatiuza kuti woweruza abwera yekha kudzaona malowo.

Pamenepa ndi pamene ndinalakwitsa, ndipo ndilemba osabisa. Kwathu mlendo sapatsidwa zonyansa. Nditamva kuti kukubwera munthu wamkulu chotero, ndinasesa bwalo lonse, ndinapita kwa m'bale wanga amene ali ndi mpopi kufupi ndi msewu, ndinasenza chigubu cha madzi oyera mtunda wonsewo. Ndowa za kudambo ndinazibisa kuseri kwa nkhokwe. Elesi sindinamuuze. Ndinkati anthu asadzanene kuti banja langa limamwetsa alendo matope.

Woweruzayo anali mayi wa magalasi, wosalankhulalankhula. Ataona waya ndi chitsime, iye ndi maloya onse awiri anafika pakhomo panga thukuta lili kamukamu. Ndinagwada n'kupereka kapu. Loya wa a Jethro anaiyang'ana padzuwa n'kumwetulira.

"Awa ndi madzi amene mumamwa, ambuya? Abwino chonchi? Kuposa a kwathu ku tauni!"

Mayi Chimwemwe anangoyang'ana pansi. Elesi ndiye anadumpha.

"Amama, mwachita chiyani? Ndowa zija zili kuti?"

"Iwe, pali alendo pano."

"Alendo omwewo ndi amene tawaitanira zimenezi!"

Anathamangira kuseri kwa nkhokwe, anabwera ndi ndowa n'kuiika pamapazi pa woweruza. Madzi ofiira, tizilombo tikusambira. Anatunga ndi kapu ina naigwira ndi manja awiri, mwaulemu ndithu.

"Pepani, amayi angawa ndi a manyazi. Aja anakapempha kumsewu chifukwa cha inu. Athu ndi awa. Musamwe, mungoona. Mwana wanga ndiye amamwa."

Chibadwire sindinachitepo manyazi otero. Koma ndinayang'ana mwana wangayo, chitenje chopindira m'chiuno, osanjenjemera pamaso pa anthu a masuti, ndinati mumtima: uyu ndinabala ine.

Woweruza anandifunsa ngati zinali zoona. Ndinavomera. Analemba nthawi yaitali.

Chigamulo chinatuluka patapita milungu isanu ndi umodzi, Elesi ataonda ngati wadwala. Mayi Chimwemwe anatimasulira. Malo ndi a a Jethro, zimenezo sizinasinthe. Mapangano aja paokha sangalande munthu malo. Koma woweruza anati lamulo lathu loteteza moyo sangaliwerenge ngati kuti dziko silinalonjeze kanthu kwa anzake, makamaka pa chitsime chimene anthu amwa zaka zoposa makumi atatu. Analamula kuti pakhale kageti ndi kanjira, kotsegula kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa.

Tamiwe wabwerera kusukulu, masaya ayamba kudzaza. A Jethro akuti akadandaula ku khoti la pamwamba, ndipo loya wati mwina tidzaitanidwanso. Elesi wayamba kale kuyenda khomo ndi khomo kusonkhanitsa makadi a kuchipatala a ana onse amene anadwala nthawi ija. Dzulo anapeza khumi ndi anayi. Lero walawirira kutsidya kwa dambo, kwatsala mabanja atatu.