Mkuyu wa a Isaiah

A Isaiah Mpulula adachoka ku Nathuzi m'chaka cha 1999, koma pakamwa pawo Nathuzi sadachokepo. Amatsuka mabasi, amakhala okha ku Dennistoun mu mzinda wa Glasgow, ndipo ukangowapatsa moni ku tchalitchi, tiyi wako asanazizire umakhala utadziwa kuti Nathuzi ndi katauni ka pachidikha cha ku Phalombe, kopanda ngakhale chulu choti mbuzi ikwerepo. Amati kadayamba ndi mjigo umodzi pomwe ngolo za nandolo zinkapumira, kenako kudabwera sitolo ya mmwenye, chigayo, basi tauni yakwana.

Anthu ankawazemba. Yemwe adachita kuwafunafuna ndi Christina yekha.

Christina ali ndi mwana mmodzi, Tisunge, wa zaka zisanu ndi ziwiri. Mwamuna wake Jacob, yemwenso kwawo n'ku Nathuzi, adali atanenetsa kuti tchuthi chimenecho apita naye mwanayo kukaona agogo ake. Christina kuntchito adamukaniza tchuthi. Iyeyo ngwa ku Ndirande, ku Nathuzi adangofikako tsiku lokaonekera kwa apongozi, ndipo chomwe ankakumbukira n'chakuti kulikonse komwe ungayang'ane kunkafanana. Tsono Tisunge ndi mwana woti ukangotembenuka wapita. Mu Glasgow momwe adasowapo kawiri, chonsecho muno misewu ili ndi mayina. Nanga kumeneko akakasochera akafunsa bwanji njira, Chichewa chake chothera pa "ndili bwino"?

A Isaiah atamva nkhawayi nkhope idawala. Mapemphero atangotha adamanga Nathuzi yense mu holo ya tchalitchi. Mabenchi awiri ndiwo adali msewu wafumbi, ketulo mjigo, mulu wa mabuku a nyimbo chigayo cha a Bryson. Eni akewo adaima pakati, manja m'mwamba, kukhala mkuyu womwe ankati umaoneka kulikonse ungaime. Masabata atatu akumuyendetsa Tisunge: ukasochera yang'ana mkuyu, ufike pachigayo, ukhotere kumanzere, nyumba yamalata ndiye kwa agogo. Mwanayo ankayankha m'Chingerezi chake cha kuno, koma njira adaigwira.

Christina mtima sudakhale m'malo. Lamulungu lomaliza, mu holo momwemo, adaimbira apongozi ake pa vidiyo n'kuwapempha kuti ayende ndi foni kuyambira pamkuyu.

"Mkuyu utinso, amake Tisunge? Uja tidawotchera njerwa kalekale."

Chigayo chidasanduka tchalitchi cha Pentekoste. Mijigo ilipo isanu ndi umodzi. Nyumba zamalata ndi zonse, kupatula khola la nkhumba. A Isaiah adatsitsa manja pang'onopang'ono n'kukhala pamsewu wawo wafumbi uja. Christina adayang'ana Tisunge: masabata atatu mwana akuloweza tauni yomwe kulibe.

Koma apongozi aja sadasiye kuyenda, ndipo foni siinkatha mamita khumi wina asanasuzumiremo. Mayi wogulitsa tomato adati ameneyu ndi Tisunge wa a Jacob, chipumi n'cha agogo ake. Wakabaza ankadziwa tsiku lomwe afike. Telala adafunsa ngati adayamba kudya therere. Ngakhale abusa a m'chigayo muja adamva kale zoti mwanayu ndi woyendayenda, ndipo adati asadandaule, kumeneko munthu amaoneka akadali kutali, alibe pobisala.

Kenako gogo wina adayandikitsa diso pafoni.

"Kodi wakhala pabenchiyo si Isaiah, uja adagwera mu ufa pachigayo?"

A Isaiah, omwe nkhani imeneyi sadaiikepo m'mbiri ya Nathuzi, adangoti netiweki ikuvuta.

Tsiku lomwelo Christina adasaina kalata yololeza mwana kuyenda ndi bambo ake. Adamusokerabe nambala ya foni m'kolala ya diresi lililonse.

A Isaiah adatuma Jacob kuti akajambule tauni yonse. Pano Nathuzi wa mu holo ali ndi makapu asanu ndi imodzi oimira mijigo, ndipo mabuku a nyimbo adakwezedwa kukhala tchalitchi. Mkuyu wokha ndiwo adakana kuuchotsa. Amaimabe pakati, manja m'mwamba, mpaka amayi a tiyi atafuna makapu awo.