Maindiketa Tsiku la Maliro a Bambo

Ndinali mu Sitandade 7 pamene bambo anamwalira kuchipatala ku Zomba, chaka chimene nyanja ya Chilwa inkaphwa. Anatisiya m'bandakucha. Masana amalume anafika ndi pikiapu yawo yonyamulira nsomba, nkunena kuti ku Kachulu manda akumbidwa kale, thupi lifike swala ya madzulo isanakwane, poti ife Asilamu maliro sitigoneka.

Tinawagoneka bambo kumbuyo pamkeka. Titangotuluka pageti, amalume anaimika galimoto. Maindiketa anali atasiya kuyaka.

"Achimwene, tiyeni chomwecho," anatero mayi.

"Ayi achemwali. Apolisi anandichenjeza kale. Akatigwira, alamu aswera pamsewu."

Anandiuza kuti ndikaime kumbuyo, ndiziyang'ana nyali. Ine ndinali mwana wamanyazi, zambiri ndinkangolemba m'kope, koma tsikulo ndinayenera kukuwa. Ndinaima pafupi ndi mapazi a bambo, okutidwa ndi chitenje cha mayi.

Amalume anayamba ndi fyuzi. Anaizula, kuiyang'ana padzuwa, inali yabwino.

"Yayaka?"

"Ayi."

"Kweza mawu iwe, ukulankhula ndi nyerere?"

"Ayi, amalume!"

Anamasula babu, kulipukuta ndi malaya, kulibwezera. Zii. Mthunzi wa galimoto unkatalika. Mayi anasiya kulira, ankangoyang'ana dzuwa.

Kenaka amalume anagona chagada pansi pa galimoto. Patapita nthawi anatuluka atagwira waya wobiriwira ndi dzimbiri. Madzi a nsomba, odontha tsiku ndi tsiku pamatabwa, anali ataudya pomwe umagwira chitsulo. Anausenda ndi mano, kupala chitsulocho ndi mpeni, nkuumanga zolimba.

"Yayaka?"

Nyali inaphethira, kuzima, kuphethiranso. Ndinangomenya galimoto ndi chikhatho mpaka amalume anamva.

Pamalo pa apolisi anatiimitsadi. Wapolisi anazungulira galimoto, kuona nyali, kenaka anaona chitenje. Anavula chipewa nkuti, "Pepani mayi. Pitani."

Mumsewu wafumbi ndinagwira mapewa a bambo kuti asagwedezeke m'mabampu. Tinafika anthu akutawasa pamsikiti, kusamba pokonzekera swala. Azibambo anawatsitsa mosamala nkupita kukawasambitsa, ndipo dzuwa lisanalowe anawanyamula kupita kumanda. Ine ndinatsala pakhonde ndi azimayi.