Malalanje sakwera nawo galimoto ya Limbani

Mwaswera bwanji nonse.

Mchimwene wanu Limbani wabwera kuno ku Area 9 masana ano. Akuti Loweruka ayendetsa yekha galimoto kukaonetsa ana nyama ku Kasungu. Akazi ake agula kale thumba la malalanje ku Old Town, ati kamba wa panjira. Ine ndalanda.

Nthawi ya makadi a chipani ija, ine ndi malemu bambo anu tinapitako, nditavala chitenje changa chobiriwira chija, chinkandikhalatu. Ndili mkati mosenda lalanje, njovu inalowetsa chitamba pawindo mpaka pamiyendo panga. Bambo anu, olimba mtima aja, anabisala kunsi kwa chiwongolero!

Mpongozi wangayu akuti zimenezo n'zakale. Njovu zinasiya liti kununkhiza? Inu alamu ake, ndalakwa ngati? Malalanjewo ndatsekera m'kabati, zidzukulu zanga zidzadya zikabwerako.