Mbereko ya Mlamu Wanga

Khungu langa linayamba kusupuka ndili mtsikana, zigamba zotuwa m'zigongono ndi m'mutu. Madokotala amati ndi soriyasisi. Chaka chachitatu cha ukwati wanga zala zinayamba kutupa, m'mawa zili gwa ngati zikuni. Adokotala anati matendawo akulowa molumikizira mafupa, ndipo ndisankhe: mapiritsi akamodzi pa sabata, omwe munthu samwa akufuna pakati, kapena kupitiriza mafuta opaka ndi mankhwala a ululu. Ndinasankha mafuta chifukwa ndinkafuna mwana.

Chaka chomwecho mlongo wanga anabweretsa mkazi kwathu ku Emakhandeni, khungu lake lili see. Posakhalitsa anali ndi khanda. Iyeyo sanasankhitsidwe kanthu, zonse zinangomubwerera. Akamasambitsa mwana ndinkapeza chochita kuseri.

Tsiku lina pa siteji ya Egodini katundu anamuchulukira mlamu wangayo tikuthamangira kukakwera kombi.

"Alamu, tandiberekerani mwanayu," anatero.

Ndinamuika kumsana, kutentha kwake kunandilowa mpaka m'chifuwa. Koma zala zanga zinakana kumanga mbereko. Mlamuyo anatula chikwama pansi, nandimangira mokoma mtima, anthu akuona.

Ndinati zikomo. Zala zimandiwawa m'mawa mokha, koma zikomo ameneyo amandiwawa tsiku lonse.